Ndinati M'kamwa, Iwo Analemba M'mimba

Lachiwiri loyamba la mwezi uno wa Juni, 6:40 m'mawa, ndinali munthu wachitatu pamzere pachipatala china cholipira pa boma la Mwanza. Wachitatu. Pofika 12:15 masana, dokotala amene ndinamubwerera anali akukwera galimoto kubwerera ku Blantyre, ine ndisanakhale pampando wake. M'mawa wonse ndinauthera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi, kudikira chithandizo cha matenda amene ndilibe.

Dzina la chipatalacho sinditchula. Eni ake amawerenga patsamba lino, ndipo akudzidziwa. Ine si munthu wolembalemba. Ondidziwa ku Thambani akudziwa kuti ngakhale kale, pakamwa pali pabwinobwino, sindinali wa mawu ambiri. Ndalemba chifukwa kulankhula kukundikanika, koma dzanja likugwirabe ntchito.

Ndiyambe ndi vuto langa kuti zinazo muzimve bwino.

Pakamwa panga pakutsekeka. Si mwambi ayi. Pakutsekeka ndithu, pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.

Zaka khumi ndi zinayi ndinagwira ntchito musitolo ya zitsulo ku Limbe. Kumeneko ndinaphunzira kutafuna timapaketi tija ta mtedza wouma wosakaniza ndi fodya, timene amati supari. Poyamba kamodzi patsiku. Kenako katatu. Kenako tsiku lonse kali m'tsaya. Palibe anandikakamiza. Mlandu umenewo ndi wanga, ndinauvomera kale. Nditabwerera kumudzi kudzalima manachesi, ndinkaitanitsabe kwa madalaivala a mathiraki a pa boda ya Mwanza.

Zaka ziwiri zapitazo tsabola anayamba kundiotcha ngati khala la moto. Kenako mchere. Kenako nachesi, chipatso chimene ndimalima ndekha. Chaka chino mitengo yanga yabereka mpaka nthambi kukhudza pansi, koma ine sindinalawe ngakhale limodzi. M'kati mwa masaya munayera, munauma ngati chikopa chosiyidwa padzuwa. Ndikapisa chala ndimamva timizere tolimba ngati zingwe.

Dokotala wa pachipatala chaching'ono cha kwathu, bambo wodekha, ndiye anandiuza chimene chili. Analemba dzina lake m'Chingerezi m'buku langa la kuchipatala: oral submucous fibrosis. Anandiphunzitsanso kuyeza. Anati munthu wabwinobwino akayasamula, zala zitatu zosanjikiza zimalowa pakati pa mano. Ine chaka chatha zinkalowa ziwiri. Pano chimalowa chimodzi ndi kansonga ka chinzake. Ndimadya phala ndi supuni ya tiyi. Mswachi ndimagwiritsa wa ana.

Anandilamula zinthu zitatu. Kusiya supari tsiku lomwelo, ndipo ndinasiya. Kukankha nsagwada ndi timatabwa tija amapanira lilime, m'mawa ndi madzulo. Ndiponso kupaka alovera m'kati mwa masaya katatu patsiku. Sanandinamize. Anati alovera angaziziritse kuotchako, koma zimene zauma kale sangazimasule yekha. Alovera tili naye kuseri kwa khitchini. Akazi anga, a Naphiri, amadula tsamba, n'kuliimika m'kapu kuti madzi achikasu owawa aja atsike onse, kenako amasenda n'kupala mnofu woyera wa m'kati. Dokotalayo anatichenjeza kawiri kuti madzi achikasuwo ndisameze, chifukwa amatsegula m'mimba. Mawu amenewa muwasunge, tikumana nawonso kutsogolo.

Kuotcha kunachepadi. Pakamwa sipanasinthe.

Mu Epulo munatuluka chilonda m'tsaya la kumanzere. Sichipweteka kwambiri, koma sichipola. Kumayambiriro kwa Meyi dokotala uja anachiunika nthawi yaitali ndi tochi ya foni. Kenako anati, "Ichi achione dokotala wa m'kamwa. Musachedwe nacho." Sindinafunse chimene ankaopa. Ndinafika Fomu 4. Mawu akuti khansa ndimawadziwa.

Anandifotokozera njira ya boma: kalata, mzere, tsiku, kalata ina, kenako Blantyre. Lamlungu lotsatira kutchalitchi anawerenga chilengezo cha chipatala cholipirachi. Chinati dokotala wa mano ndi m'kamwa wochokera ku Blantyre amabwera Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, ndiponso kuti pachipatalapo amachiza matenda a m'kamwa ndi alovera. Lachiwiri la Meyi linali litadutsa kale. Ndinaganiza kuti ndidikire la Juni, ndidule njira. Ndinadikira masabata anayi, chilonda chili m'kamwa.

A Naphiri anati, "Ndipite nanu, ndikakulankhulireni."

Ndinakana. Tsiku lomwelo kunkabwera ogula manachesi, ndipo pamafunika munthu pakhomo. Ndinawonjezanso mawu amene pano ndikuchita nawo manyazi. Ndinati, "Ndine mwana ine?"

Ndinagona kwa alamu anga pa boma Lolemba kuti ndilawirire.

Windo linatsegulidwa 7:20. Ndi lagalasi, lili ndi kabowo m'munsi kodutsira ndalama. Mkatimo munali mayi wachitsikana, waya wa foni uli m'khutu limodzi. Awiri a patsogolo panga anathandizidwa msanga, anapatsidwa makhadi oyera, n'kulowa mkati. Ine ndinawerama pakabowo paja.

"Vuto ndi chiyani, bambo?"

"Ndikulephera kutsegula m'kamwa."

Ndikudziwa kuti mawu anga amatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Sindikukana. Koma mayiyo sananene kuti bwerezani. Sanakweze ngakhale maso. Atangomva "kutsegula", anakankhira mpando wake m'mbuyo, n'kutenga khadi lachikasu. Anafunsa dzina ndi mudzi, ndipo ndinaonetsa chiphaso. Kenako anakankha khadilo ndi nsonga ya bolopeni.

"K5,000. Muzungulire panja, kuseri kuli benchi. Musakhudze chitseko. Musambe m'manja pandowa."

Ndinalowetsa buku langa pakabowo, lili lotsegula patsamba lenileni. Analikankha ndi bolopeni yomweyo. Anati mabuku a boma kumeneko sawerenga, ali ndi makhadi awo.

Lisiti langa lalembedwa 7:24. Ndili nalo.

Mufunsa kuti nanga ine osadabwa bwanji. Ndinayang'ana khadilo. Dzina linali lolondola, mudzi wolondola. Pamalo olembapo matenda panali chilembo chimodzi: D. Sukulu yanga inandiuza kuti D ndi dentisti, dokotala wa mano. Ndinaganiza kuti a dokotala wa ku Blantyre ali ndi benchi lawolawo ndi khomo lawolawo. Zosamba m'manjazo ndinati ndi ukhondo wa chipatala cholipira. Ndinasamba mpaka m'zigongono, ndikuyamikira mumtima. Sindinakumbuke kuti m'Chingerezi matenda otsegula m'mimba nawonso amayamba ndi D.

Kuseriko kulibe dzuwa. Mphepo ya Juni imachokera kuphiri n'kudzagunda pabenchi pomwepo. Patsogolo pake pali chimbudzi ndi ndowa ya madzi onunkha mankhwala. Ndinakhala. Cha m'ma 8 koloko kunabwera mayi wobereka mwana wofooka. Kenako kunabwera dalaivala wa thiraki wa ku Tete, bambo wamkulu thupi, nkhope itatuwa. Iyeyu sankakhazikika. Kukhala pang'ono, kuthamangira kuchimbudzi. Kubwerako, kusamba m'manja, kukhala, kudzukanso. Ndinamumvera chisoni. Ndinaganiza kuti dzino ndi m'mimba zamugwira tsiku limodzi.

Pa 9:35 anabwerako kachinayi, n'kundiyang'ana.

"Madala, inu zanu zili bwino. Chifikireni simunadzukepo. Mwamwa chiyani kuti ziime?"

Sindinamvetse. 

"Zayamba liti kwa inu?"

Ndinaimika zala ziwiri.

"Masiku awiri?"

"Zaka."

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Zaka ziwiri mukutsegula m'mimba, n'kumavalabe thalauzi loyera? Epa. Inu si munthu, madala, ndinu thanki."

Mayi wa mwana uja anaseka, ngakhale anali ndi nkhawa zake. Ine sindinaseke. Ndinayang'ananso D uja. Ndinayang'ana chimbudzi. Ndinayang'ana ndowa. Apa m'pamene ndinadziwa.

Ndinazungulira mofulumira kupita kukhomo lalikulu. Mlonda anatchinga ndi ndodo. Anati a makhadi achikasu salowa mkati, ndi lamulo lochokera nthawi ya kolera. Ndinayesa kufotokoza. Vuto la matendawa ndi lakuti ukapsa mtima nsagwada zimalimbiratu, ndipo malovu amathawa m'mbali. Mlondayo anabwerera m'mbuyo masitepe awiri.

"Mwaona, achikulire? Mukuchucha kale. Bwererani pabenchi."

Ndinatulutsa bolopeni. Kuseri kwa lisiti ndinalemba kuti: Vuto langa ndi m'kamwa, osati m'mimba. Ndabwerera dokotala wa mano. Anakana kuligwira. Anati pepala la munthu wa khadi lachikasu sangalikhudze wopanda magolovesi. Analiwerenga ali patali, ine nditalitambasula ngati chikwangwani. Kenako analowa. Anatuluka patatha mphindi khumi ndi zisanu. Anati amayi a pawindo akuti khadi likalembedwa lalembedwa. Amene angasinthe ndi adokotala oona odwala a kuseri, ndipo akubwera posachedwa.

Nthawi imeneyo inali isanakwane 10 koloko. Nambala imeneyinso muisunge.

Ndinaima pakona pa nyumba pamene ndinkaona khomo. Anthu amene anali pambuyo panga pamzere ankatuluka mmodzimmodzi, thonje lili m'kamwa, akugwira tsaya. Mayi wa duku lofiira anali wachisanu ndi chiwiri. Anatuluka, anakwera kabaza, anapita. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzasirira munthu wozulidwa dzino.

"Posachedwa" wawo anafika 11:10. Anali mnyamata wa gauni loyera, masiki kumaso, magolovesi m'manja. Anaima patali ngati wopatsa chakudya galu woluma. Maso ali pakhadi, anayamba mafunso.

"Kangati chiyambire dzulo? Muli magazi? Mukusanza?"

Ndinatambasula buku.

"Yankhani funso, bambo."

Ndinaloza pakamwa.

"Chabwino, tione lilime. Yasamulani."

"Ndayasamula."

"Bambo, ndili ndi anthu ambiri. Yasamulani bwinobwino."

Amene anandipulumutsa ndi dalaivala uja. Ali chigwirire pamimba pake, anati, "Dokotala, madalawa m'mimba mwawo ndi mouma ngati Tete mu Okutobala. Wodwala ndine. Awa werengani bukulo."

Anawerenga. Anayandikira sitepe imodzi. Anatsitsa masiki. Kenako anati, "Ndiye kuno mukutani? Bwanji simunanene?"

Bwanji simunanene. Funso limeneli kufunsa munthu amene matenda ake ndi kulephera kunena. Kodi wothyoka mwendo mumamufunsa chifukwa chimene sanathamangire? Pawindo ndinanena. Ndinapereka buku. Kwa mlonda ndinanena, ndinalembanso. Ndikananenanso ndi chiyani, ng'oma?

Anafufuta D uja. M'munsi mwake analemba D wina, ulendo uno ndi zilembo zake zonse, n'kunena kuti ndithamangire pawindo.

Pawindo ndinafika 11:30. Mayi uja anayang'ana khadi, n'kundiyang'ana ine koyamba tsiku limenelo.

"Inuyo munati mukutsegula. Ndinamva ndi makutu anga."

Makutu ake. Limodzi linali lobwereketsa kwa foni.

Anati mndandanda wa dokotala wa mano unatsekedwa 10 koloko, ndipo iye alibe mphamvu youtsegula. Anati khadi loyera ndi K10,000, ndidzabwere nayo mwezi wamawa, koma ndidzalawirire. Kulawirira. Ine wa 6:40. Pamene mlonda ankabweretsa uthenga wanga, mndandandawo unali usanatsekedwe. Mayiyo akanangodzuka pampando, kapena kunena kuti abwere ndimuone, bwenzi izi simukuwerenga.

Mawu akuti pepani ndi aafupi. Ngakhale ine ndi pakamwa pangapa ndimatha kuwatchula. Tsiku lonselo sindinawamve kwa munthu aliyense wa pachipatalacho.

Ndinapita kukaima pambali pa galimoto loyera limene linali ndi dalaivala wodikira. Pa 12:15 dokotalayo anatuluka, mayi wa msinkhu wanga, chikwama chili m'manja. Ndinaima patsogolo pake, buku lili lotsegula. Anayamba kuwerenga akuyenda. Kenako anaima.

"Mwafika nthawi yanji?"

Ndinaonetsa lisiti. Anayang'ana 7:24 uja, anayang'ana nyumbayo. Anatulutsa kathabwa m'chikwama, anayatsa tochi ya foni. Pomwepo pabwalo, akabaza akuonerera, anakoka tsaya langa n'kusuzumira pakampata kamene katsala. Sizinathe mphindi. Koma nkhope yake ndinaiona ikusintha.

"Chilondachi chatha miyezi ingati?"

"Iwiri."

Anati pamafunika kudula kanyama pang'ono kukayeza, ndipo zimenezo sizichitika pano, ndi za kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Anati ndiwauze a pano andilembere kalata lero lomwe. Anatinso ndisamudikire iye, chifukwa mwezi wamawa sabwera. Kenako ananena pang'onopang'ono kuti, "Bambo, ichi si chodikira nacho." Anali ndi odwala ena 2 koloko ku Blantyre. Galimoto linanyamuka.

Mayi ameneyu ndilibe naye mlandu. M'mphindi yosakwana anandipatsa zambiri kuposa nyumba yonseyo m'maola asanu.

Ndinapempha kuonana ndi woyang'anira chipatala. Anati ali kunkhomaliro. Anabwerako 1:50. Ndi bambo wa tayi, wolankhula mwaulemu kwambiri, mtundu wa ulemu umene sukupatsa kanthu. Kumbuyo kwa mpando wake kunali shelefu yodzaza mabotolo obiriwira. Ndinamupatsa pepala limene ndinalembapo zonse ndikudikira. Analiwerenga akugwedeza mutu.

Anati kalata ya chidindo amalembera wodwala amene waonedwa m'chipinda. Pabwalo loimika galimoto si chipinda.

Ndinalemba kuti nanga mnyamata wa gauni uja sangalembe?

Anati iyeyo anandiona ngati wa khadi lachikasu, ndipo wa khadi lachikasu satumizidwa kwa a m'kamwa.

Ndinalemba kuti khadilo ndi lolakwika, ndipo analakwitsa ndi iwo.

Apa anamwetulira. "Bambo, tinene chilungamo. Mwana wa pawindo uja amamva anthu ambirimbiri patsiku. Pachipatala mawu akuti kutsegula ali ndi tanthauzo limodzi. Inu mukanati kuyasamula. Chichewa ndi chathu tonse."

Ndiye wolakwa ndine. Ndinasankha mawu molakwika. Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndikulankhula Chichewa, lero ndikuphunzitsidwa ndi munthu amene antchito ake sadikira kuti chiganizo chithe.

Kenako anatembenuka n'kutsitsa botolo limodzi.

"Koma musadandaule. A vuto lanu timawapatsa iyi. Alovera weniweni, wa tsamba lonse, osati wopalapala wa kumudzi uja. Theka la kapu katatu patsiku. Imatsegula imeneyi, bambo. Masabata awiri mudzakhala mukukukuta chimanga chootcha. Mwinanso ku Blantyre simudzafunikako."

Anati ndi K18,000.

Apa ndiulule, chifukwa ndinalonjeza kulemba zoona zokhazokha. Ndinagula. Ine amene ndinauzidwa momveka kuti alovera samasula zouma. Munthu amene wangouzidwa za kudula kanyama saganiza bwino. Mawu akuti "simudzafunikako" anandigwira. Komanso sindinafune kufika kunyumba ndi lisiti lokha m'thumba.

Ndinamwa koyamba pasiteji, ndikudikira matola a ku Thambani. Kuwawa kwake ndinakuzindikira. Kunali kwa madzi achikasu aja amene a Naphiri amataya. Ndinadziuza kuti mankhwala amphamvu amawawa. Ndinamwanso nditafika kunyumba cha m'ma 4 koloko.

Dzuwa lisanalowe, khadi lachikasu linakwaniritsidwa. Kanayi.

Nditabwerako kuchimbudzi kachinayi, ndinapeza a Naphiri ali pakhonde akutembenuza botolo. Anati pali tizilembo ting'onoting'ono kuseri. Ndinavala magalasi. Tinalembedwa m'Chingerezi kuti madziwa si ochizira matenda aliwonse, ndipo angathe kutsegula m'mimba. Ndinawamasulira.

"Ndiye sananame," anatero. "Anati imatsegula."

Anafuna kuseka. Atandiyang'ana kumaso, analeka.

"Nanga chilonda anati chiyani?"

Ndinawauza za kanyama. Ndinabwereza kawiri kuti amve. Anaika botolo pansi, n'kuyang'ana kumitengo ya manachesi nthawi yaitali.

"Ndinakuuzani kuti ndipite nanu, bambo a Tadala."

Ananena kamodzi kokha. Sanabwerezenso.

Tsopano kwa inu eni chipatala, popeza mukuwerenga.

Kodi pawindo lanu munaikapo munthu womva, kapena wolandira ndalama basi? Munthu wolankhula movutika akafika, lamulo lanu likuti chiyani? Kumuloserera matenda?

Kodi buku limene dokotala mnzanu analembamo dzina la matenda limaluma, kuti simungalitsegule?

Kodi chipatala chimene chimaitana anthu a mano tsiku limodzi pamwezi chingamalembe D pakhadi, osaganiza kuti D ali pawiri?

Kodi popeza uthenga unafika pawindo isanakwane 10 koloko, ndani analamula kuti ndidikirebe kuseri?

Ndipo inu a tayi, botolo lija munaliwerengapo kuseri? Ngati munawerenga, munandigulitsa mukudziwa. Ngati simunawerenge, mukugulitsa chiyani? Ndi anthu angati amene munawauza kuti ku Blantyre sadzafunikako, ndipo anakukhulupirirani mpaka kalekale?

Ndalama zanga sindikuzifuna. Zisungeni. Chimene ndikufuna simungandibwezere. Ndi masabata anayi amene ndinadikira Lachiwiri lanu, chilonda chikukula, chala chachiwiri chikukanika. Mayankho sindikuyembekezera. Ndikudziwa m'mene zimathera. Mudzati tikufufuza. Mayi uja adzakhalabe pawindo ndi waya wake. Mabotolo adzatha, mudzaitanitsa ena.

Kwa inu abale owerenga, mawu anga ndi ochepa. Alovera ndilibe naye chifukwa. Wa kuseri kwa khitchini anachita zimene ndinauzidwa kuti achita, anaziziritsa moto wa m'kamwa. Koma wina akakuuzani kuti botolo lilowa m'malo mwa dokotala, funsani kuti limatsegula chiyani. Mbale wanu akakhala wolankhula movutika, musamulole kupita yekha kuchipatala, ngakhale akane, ngakhale akufunseni ngati iye ndi mwana. Ndipo inu anyamata a pa boda amene mukutafuna timapaketi tija, yesani lero zala zitatu. Zikalowa, tayani paketiyo zikadalowa.

Za ine, sindikudziwa. Tsiku la ku Blantyre sindinalidziwebe. Mwina kanyamako kadzapezeka kabwino. Mwina ayi. Ngakhale kapezeke kabwino, pakamwa sipadzabwerera m'mene panalili. Zimenezo ndinauzidwa kale, ndipo amene anandiuza si wogulitsa mabotolo.

M'mawa mwake, Lachitatu, ndinadzuka 6 koloko. Botolo lija ndinakalikhuthulira m'chimbudzi, komwe linkapita kale. A Naphiri anadula tsamba, analiimika m'kapu, anapala mnofu, ndinapaka. Ndinayeza. Chala chimodzi chinalowa. Chachiwiri chinagunda dzino.

Kenako ndinawapempha kuti alowe m'nyumba, atseke zenera, aime kuseri kwa galasi. Ine ndinaima panja, ndinawerama ngati pawindo lija. Ndinali nditakonza chiganizo china, chopanda mawu oopsa aja.

"Pakamwa panga pakutsekeka."

Anapukusa mutu. "Bwerezani."

Ndinabwereza, pang'onopang'ono, ndi mphamvu zonse za nsagwada.

Anatsegula zenera. "Ndamva 'panga' yekha."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tili limodzi. Ngati iwo sanamve, palibe adzamve.

Ndinang'amba chivindikiro cha katoni ya manachesi. Ndinalembapo chiganizo chija ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuchiika m'buku. Kenako tinanyamuka kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kukayamba njira yaitali imene ndinaithawa mu Meyi. Potuluka pachipata a Naphiri anatambasula dzanja. Ndinawapatsa bukulo. Anatsogola. Ine ndinatsatira pambuyo.